Ulusi umene thupi limadya

M'wodi ya amayi amene angochira kumene, funso limene silisowa ndi lakuti, "Anesi, nanga ulusiwu ndidzabwere liti kudzachotsetsa?" Namwino amayankha asanacheuke n'komwe: "Musavutike mayi, umenewo umasungunuka wokha." Mayi amavomera ndi mutu, koma nkhope imaonetsa kuti sanakhutire. Ulusi wa telala susungunuka, luzi lomangira phaso silisungunuka. Nanga uwu ndi ulusi wanji?

Ndinauona pafupi tsiku lina nditapita kukadikirira mbale wanga kuchipatala. Umabwera m'kapaketi konyezimira, muli timadzi tonunkha ngati sipiriti toti ulusiwo usaume. Mtundu wake ndi wa tiyi wopanda mkaka, ndi wokakala pang'ono, ndipo kumapeto kwake anamatirako singano yokhota ngati mbedza koma yopanda diso. Papaketipo analembapo kuti catgut, dzina lomveka ngati akunena matumbo a mphaka. Mphaka sakhudzidwa ndi nkhaniyi. Ulusiwu amaupanga kuchokera ku matumbo a nkhosa, mbuzi kapena ng'ombe. Amang'amba thumbo m'litali, n'kupala zoterera zam'kati ndi mnofu wakunja mpaka kutsale kanembanemba koyera, kopyapyala koma kolimba, kamene pafupifupi konse ndi kolajeni, puloteni imene imalimbitsa khungu, minyewa ndi mafupa athu. Timizere ta nembanembayo amatipota ngati khonje, n'kutiyanika titakungidwa, kenako n'kutisalaza. Nembanemba yomweyo ndiyo amapakiramo soseji, ndipo kwa zaka mazanamazana inali nsambo za vayolini. Munthu wa pachiwaya amene amakulunga matumbo a mbuzi amaigwira tsiku ndi tsiku.

Kubwereka za nyama pofuna kutseka bala kunayamba kalekale. Ku Egypt kunapezeka mpukutu wa gumbwa wolembedwa cha m'ma 1600 Yesu asanabadwe, umene lero umadziwika ndi dzina la Edwin Smith, munthu wa ku America amene anaugula ku Luxor mu 1862. Muli malangizo a kuchiza anthu ovulala a mitundu 48, kuyambira kumutu kutsika. Wolembayo amauza sing'anga kuti bala loyasama alikoke ndi kulisoka, tsiku loyamba amangepo nyama yaiwisi, masiku otsatira azipaka mafuta ndi uchi n'kuphimba ndi nsalu. Ku India, buku lakale lodziwika ndi dzina la Sushruta limatchula ulusi wa thonje, wa fulakesi, ubweya wa kavalo ndi mitsempha ya nyama. Limafotokozanso njira imene imadabwitsa aliyense woyamba kuimva: thumbo likabooka, sing'anga ankagwirizanitsa milomo ya balalo, n'kulumitsa nyerere zikuluzikulu zakuda motsatira mzere, kenako n'kuzidula matupi, mitu n'kutsala itakanirira. Amene anapondapo linthumbu usiku sangatsutse. Nyerere yoteroyo ungaikoke mpaka kuduka pakati, mutu wake osataya.

Galen, dokotala wa ku Pergamon wa zaka za m'ma 100 Yesu atabadwa, anaphunzira zambiri posoka anthu amene ankamenyana ndi malupanga m'mabwalo a masewero. Iye analemba kuti mtsempha wa magazi umangidwe ndi silika ngati alipo, apo ayi ndi chingwe cha matumbo. Patapita zaka 800, ku Córdoba m'dziko la Spain, limene mbali yake yaikulu nthawiyo inkalamulidwa ndi Asilamu, al-Zahrawi analemba buku la magawo 30 lotchedwa al-Tasrif, ndipo m'gawo lomaliza, la maopaleshoni, anafotokoza zosoka matumbo a munthu ndi ulusi wa matumbo a nyama. Gawolo analitanthauzira m'Chilatini m'zaka za m'ma 1100, ndipo madokotala a ku Ulaya analiphunzira kwa mibadwo ingapo.

Komatu kudziwa ulusi sikunathetse vuto. M'nkhondo za ku Ulaya, mwendo ukadulidwa ankaletsa magazi potentha chitsa chake ndi chitsulo chamoto. Ambroise Paré, dokotala wa asilikali a France m'zaka za m'ma 1500, anabwezeretsa njira yomanga mitsempha ndi ulusi, ndipo odwala anapumako ku chitsulo. Koma ulusiwo unkalowa m'bala ndi litsiro lake lonse. Mpaka m'zaka za m'ma 1800, dokotala ankayenda ndi ulusi wa silika atausomeka pabowo la batani la jekete, jekete lomwelo loumirira magazi a odwala a dzulo ndi dzana. Akamanga mtsempha ankasiya nsonga zazitali zikulendewera kunja kwa bala. Ankadikira kuti pachite mafinya, mfundo iwole, ndipo pakatha sabata kapena ziwiri ankakoka ulusiwo pang'onopang'ono. Nthawi zina unkatuluka bwino. Nthawi zina mtsempha wowolawo unkatseguka, magazi n'kuthovoka, munthu n'kutsirizika pabedi anthu akuyang'ana. Mafinya ankawayesa chizindikiro chakuti bala likupola. Philip Syng Physick wa ku Philadelphia anayesa mu 1816 kumanga ndi timizere ta chikopa cha nyama toti tizisungunuka tokha, koma popanda njira yophera tizilombo nzeru yakeyo sinapite patali.

Apa m'pamene pakulowa Joseph Lister. Anthu amamukumbukira chifukwa cha asidi wa kaboliki, amene anayamba kutsukira mabala ku Glasgow mu 1865 atawerenga za Louis Pasteur zoti kuwola kumadza ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Koma kwa ine, chimene anachita pa tchuthi cha Khirisimasi cha 1868 n'chofunika chimodzimodzi. Iye anaganiza kuti ngati ulusi ulibe tizilombo, palibe chifukwa chousiyira nsonga kunja. Ungadulidwe pafupi ndi mfundo, bala n'kutsekedwa, iwo n'kutsala m'kati. Anali atayesa kale ndi silika, koma anaona kuti tizidutswa ta silika timakhalitsa ndipo timanyanyula mnofu. Ndiye ali kwawo kwa bambo ake ku Upton, pafupi ndi London, anagoneka mwana wa ng'ombe ndi kulorofomu, n'kumanga mtsempha waukulu wa pakhosi pake ndi zingwe za nyama zoviikidwa mu kaboliki, china mwa izo chili catgut. Bala linapola popanda mafinya. Patatha mwezi anapha ng'ombeyo kuti aone.

Poyamba anakhumudwa, chifukwa zingwe zinkaoneka kuti zili pomwepo, sizinasunthe. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Atayang'anitsitsa, ndiponso ataika pa maikulosikopu, anapeza kuti chimene chinazinga mtsempha sichinalinso thumbo lakufa la nyama ina. Maselo a ng'ombeyo anali atalowerera m'chingwecho, kuchidya pang'onopang'ono, n'kumanga mnofu wamoyo m'malo mwake, motsatira ndendende mmene chingwe chinayendera. Mtsempha, m'malo mofooka pamalo omangidwa, unali utavala mphete ya mnofu wakewake. Zimenezi anazifalitsa mu 1869. Akanakhala mlimi wa kwathu kuno akananena kuti nyemba zayanga pa phesi, phesi lawola, koma nyemba zaima mmene phesi linaimira.

Vuto lotsala linali lakuti thupi linkafulumira kudya. Catgut wamba amafooka pakangotha masiku 7 mpaka 10, ndipo mfundo yake ikanyowa imaterereka. Lister anatha zaka zoposa 10 akuyesa izi ndi izo, mpaka anabwereka nzeru ya ofufuta zikopa, amene amalimbitsa chikopa ndi mankhwala a kulomiyamu. Mu 1881 analengeza za ulusi wofufutidwa chotero, umene umagwira nthawi yotalikirapo ndipo umatha m'thupi pakadutsa masiku pafupifupi 90. Mtundu wa tiyi uja umachokera pamenepo. Kapaketi kamene ndinaona kuchipatala kanali mdzukulu wa ulusi wa 1881.

Si onse amene anaukonda. Thumbo ndi malo a tizilombo, ndipo ulusi wa kolajeni sungawiritsidwe m'madzi chifukwa umasanduka phala. Odwala ena anatenga kafumbata kuchokera ku ulusi wosatsukidwa bwino. Theodor Kocher wa ku Bern ndi William Halsted wa pa chipatala cha Johns Hopkins ku Baltimore anasankha silika woonda kwambiri, amene amapirira moto. Silika nayenso ndi wobwereka: ndi malovu a mbozi imene imadya masamba a mabulosi, ulusi wa puloteni wokutidwa ndi ulimbo umene amayamba autsuka chifukwa umatupitsa mnofu. Mkangano wa silika ndi matumbo unatenga zaka zambiri, uku makampani akupeza njira zabwino zotsukira. Mu 1908 kampani ya B. Braun ya ku Melsungen ku Germany, mothandizana ndi dokotala Franz Kuhn, inayamba kupanga catgut wopanda tizilombo wambirimbiri kuchokera ku matumbo a nkhosa.

Chimene chinagwetsa catgut pampando ndi ulusi wopangidwa ku fakitale: Dexon mu 1970, Vicryl mu 1974. Umenewu umasungunuka ndi madzi a m'thupi pa nthawi yodziwika, sudalira kuti maselo audye, choncho sutupitsa kwambiri. Kenako ku Britain kunabuka matenda a misala ya ng'ombe, amene anazindikirika mu 1986, ndipo mayiko a ku Ulaya ndi Japan anasiya kugwiritsa ntchito ulusi wa matumbo poopa kuti ungapatsire anthu. M'zipatala zambiri za mu Africa ndi Asia ukadalipo, pa chifukwa chimene aliyense wogula mankhwala a chipatala amachidziwa: ndi wotchipa.

Munthu akanaganiza kuti nkhani ya thumbo yathera pomwepo. Koma nthawi yomwe ulusi wake unkatuluka pakhomo, nembanemba ija inkalowera pawindo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, Stephen Badylak wa pa yunivesite ya Purdue ku America anadula chigawo cha mtsempha waukulu wochokera ku mtima wa galu, n'kuikapo chubu chopangidwa ndi nembanemba ya thumbo laling'ono. Galuyo anakhala moyo, ndipo chigambacho m'kupita kwa nthawi chinasanduka mnofu wofanana ndi mtsempha. Atayesa pa ziwalo zina anapeza zomwezo: pa chikhodzodzo chinkasanduka ngati chikhodzodzo, pa mnyewa ngati mnyewa. Chinsinsi ndi kuchotsamo maselo onse a nyamayo, amene thupi la munthu lingawakane, n'kusiya chimango chokha. Masiku ano zigamba za thumbo la nkhumba zimagwiritsidwa ntchito pa zilonda zosapola ndi potseka malo amene matumbo atulukira pamimba. Ndi zomwe Lister anaona pakhosi pa ng'ombe, kungoti anthu anatha zaka 120 akuganiza kuti phindu la ulusiwo n'kungosowa m'thupi, osalabadira kuti posowapo unkasiya chinthu chomangidwa.

Ena anafika pa mfundo yomweyo kudzera njira zina. Ku Paris, Alain Carpentier anapeza mu 1968 kuti mavavu a mtima wa nkhumba akaviikidwa mu mankhwala otchedwa glutaraldehyde, amenenso ndi ofufutira, amakhalitsa mu mtima wa munthu. Ku Boston, dokotala wa anthu opsa ndi moto John Burke ndi katswiri wa zopangapanga Ioannis Yannas anapanga khungu la kolajeni wa ng'ombe wosakaniza ndi zochokera ku chichereche cha shaki, pamwamba ataphimba ndi silikoni. Analengeza za odwala awo oyamba mu 1981, ndipo boma la America linavomereza khungulo mu 1996. Anapeza kuti timabowo take tikakula kapena kuchepa mopitirira, kapena likasungunuka msanga, maselo sapanga khungu koma chipsera chokokana. Ngakhale nembanemba imene imakuta mwana m'mimba, yomwe imatayidwa mayi akachira, inayesedwa pa mabala ku Johns Hopkins mu 1910, ndipo kuyambira m'ma 1990 madokotala a maso amaigwiritsa ntchito pa diso lopsa kapena la chilonda.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya ku Fortaleza, kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Kumeneko khungu la anthu losungidwa ndi lochepa, la nkhumba n'lovuta kupeza, koma nsomba za tilapia amaweta zambiri ndipo makungu ake ankangotayidwa. Kuyambira mu 2015, gulu la dokotala Edmar Maciel ndi akatswiri a yunivesite ya boma ya Ceará anayamba kutsuka makunguwo, kuwapha tizilombo ndi mankhwala ndi cheza, n'kuwayala pa mabala a moto. Khungu la nsombalo limamatirira, limasunga chinyezi, ndipo pa bala losazama likhoza kukhala masiku pafupifupi 10 osalichotsa. Amene anamvapo kulira kwa mwana wopsa ndi phala pamene akumumatula bandeji m'mawa uliwonse akudziwa kukula kwa nkhani imeneyi. Nsombayo ndi ya mtundu wa Oreochromis, fuko limodzi ndi chambo chathu.

Mbali ina ya mbiriyi inkachitika kutali ndi thiyeta, m'zipinda zofufuzira khansa. Mu 1889 Stephen Paget wa ku London anasanthula malipoti a amayi 735 omwalira ndi khansa ya m'mawere, ndipo anaona kuti matendawa safalikira mwachisawawa. Amakonda ziwalo zina, monga chiwindi, n'kulambalala zina zimene zimalandiranso magazi ambiri. Iye anati selo la khansa lili ngati mbewu, ndipo limamera pokhapo pamene lapeza nthaka yoliyanja. Kwa zaka zambiri ofufuza anatanganidwa ndi mbewu, nthaka n'kuiiwala.

Komabe aliyense wofuna kulera maselo kunja kwa thupi ankakakamizika kuwapezera pogona. Ross Harrison mu 1907 anameretsa mitsempha ya chule m'dontho la madzi oundana a m'thupi la chule. George Gey wa ku Johns Hopkins ankagwiritsa ntchito madzi a magazi a nkhuku. M'zosakaniza zoterezi ndi mmene mu 1951 munamera maselo a khansa ya khomo la chiberekero ya Henrietta Lacks, mayi wachikuda wa zaka 30 amene anamudula kachidutswa ka chotupa osamupempha. Iye anamwalira chaka chomwecho, maselo ake akuchulukanabe mpaka lero m'malabotale a dziko lonse, ndipo matenda amene anamupha ndi omwe akutha amayi ambiri m'Malawi muno. Mu 1956 labotale ya Gey inasonyeza kuti maselo amakula bwino pa kolajeni wochokera ku mchira wa khoswe. Koma mbale zapulasitiki zitabwera, zotchipa ndi zaukhondo, ambiri anangoyala maselo papulasitiki. Pamenepo selo labwinobwino la bere ndi selo la khansa amaoneka pafupifupi chimodzimodzi: onse aphwatalala, onse akungogawikana.

Nthaka inachokera kosayembekezeka. Panali chotupa china cha mbewa chimene ofufuza ankachisunga pochisamutsa kuchoka pa mbewa ina kupita pa ina, chotchedwa ndi mayina a Engelbreth-Holm ndi Swarm. Chotupachi chili ndi khalidwe lachilendo: chimatulutsa mochuluka kwambiri zinthu zimene zimapanga kamphasa kopyapyala komwe maselo a khungu, a matumbo ndi a mabere amakhalapo m'thupi. M'thupi labwino kamphasako n'kochepa zedi moti n'kovuta kukasonkhanitsa. Kuchokera m'chotupachi, mu 1979 anapeza puloteni yotchedwa laminin, ndipo m'zaka za m'ma 1980 Hynda Kleinman ndi George Martin, a ku bungwe la boma la America lofufuza za umoyo ku Bethesda, anatulutsamo msuzi umene unadzagulitsidwa ndi dzina lakuti Matrigel. Pa madigiri 4 ndi wamadzimadzi, pa madigiri 37, kutentha kwa thupi, umaundana. Wougwiritsa ntchito amausungunula usiku wonse pa ayezi, timachubu ndi zotungira zonse amaziziziritsa, ndipo akachedwa pang'ono, kapena akagwira botolo ndi dzanja lofunda, umaumira m'kachubu, ndalama zambiri n'kupita.

Amene anaonetsa mphamvu ya msuzi umenewu ndi Mina Bissell, wobadwira ku Tehran, amene ankagwira ntchito ku Berkeley ku California. Iye ankafunsa funso looneka lachibwana: ngati maselo onse a munthu ali ndi malangizo a chibadwa ofanana, n'chiyani chimauza selo la bere kuti likhale la bere? Maselo a bere la mbewa akaikidwa papulasitiki amaiwala msanga kupanga mkaka. Atawaika mu msuzi uja anadzisonkhanitsa kukhala timipira tamphako, n'kuyamba kutulutsira mapuloteni a mkaka m'kati mwa mphakomo, monga zimakhalira m'bere. Mu 1992 iye ndi anzake a ku Denmark anasonyeza kuti mmenemo maselo abwino a munthu amapanga timipira tadongosolo n'kusiya kugawikana, pamene a khansa amangounjikana ngati chulu chosaumbika. Kusiyana kumene pulasitiki inkabisa kunaonekera poyera.

Ndiye mu 1997 anachita chinthu chimene ambiri sanafune kukhulupirira. Anatenga maselo a khansa ya m'mawere, n'kutseka ndi mankhwala kachingwe kena ka pakhungu lawo kamene selo limagwirira ndi kumvera zolizungulira. Maselowo anabweza mtima. Anasiya kuchulukana mosalekeza, anapanga timagulu tadongosolo, ndipo atabayidwa mu mbewa anatulutsa zotupa zochepa. Zolakwika za m'malangizo awo a chibadwa zinali zikadalimo, palibe chinakonzedwa. Chinasintha ndi uthenga umene ankalandira kuchokera pamphasa. Izi sizikutanthauza kuti khansa yapezeredwa mankhwala, ndipo amene angakuuzeni choncho akufuna ndalama zanu. Koma kuyambira pamenepo kunakhala kovuta kunena za chotupa osatchula mnofu wochizungulira, kuuma kwake, ndi kolajeni amene maselo a khansa amayangapo potuluka kukalowa m'mitsempha.

Mu 2009, ku Utrecht m'dziko la Netherlands, Toshiro Sato ndi Hans Clevers anaika selo limodzi la thumbo la mbewa m'dontho la msuzi womwewo, n'kulipatsa zakudya zoyenera, ndipo linakula kukhala kathumbo kakang'ono kokhala ndi timakwinya take. Pasanathe zaka zambiri anayamba kuchita chimodzimodzi ndi zotupa zochotsedwa mwa odwala khansa ya m'matumbo, ya kapamba ndi ya m'mawere. Kachotupa ka munthu mmodzi kamagawidwa m'timaenje tambirimbiri ta mbale, kenje kalikonse n'kuthiramo mankhwala osiyana, kuti aone amene akukapha.

Dandaulo la ofufuza pa msuziwu ndi lomwe madokotala akale anali nalo pa catgut. Chochokera ku nyama sichifanana kawiri. Botolo la mwezi uno limasiyana ndi la mwezi watha, muli mapuloteni mazanamazana amene ena sakudziwika ntchito yake, ndipo poti n'chochokera m'chotupa cha mbewa sangachiike m'thupi la wodwala. Malabotale ambiri akuyesa kupanga cholowa m'malo mwake kuchokera ku silika, ku ndere za m'nyanja, ku zikamba za nkhanu, ku ziwalo za nkhumba zochotsedwa maselo, ndi ku mankhwala a fakitale. Zina zikugwira ntchito pa maselo a mtundu umodzi n'kulephera pa ena. Pakadali pano mbewa zikubayidwabe chotupa chija, chikakula n'kuchotsedwa, kuperedwa ndi kusefedwa, ndipo timabotolo timatumizidwa pa ndege titakwiriridwa mu ayezi.